Dzina la Mayi Amene Anatsegula Dimba Lathu

Jasinta mwana wanga,

Mvula yandithamangitsa kudimba dzuwa lisanafike pamutu, ndiye ndati m'malo mongokhala pakhonde n'kumayang'ana madontho, ndikulembere. Iwe uli ku Ulongwe kokatsanzikana ndi anzako, ndipo ndikukudziwa bwino, ubwera mawu atasasa ndi kuseka. Mawa shapa, minibasi ya ku Tete ija, ikadzaima pamsewu, ine ndidzangoti "uyende bwino" n'kutembenuka msangamsanga, chifukwa pagulu pakamwa panga pamauma. Choncho zonse ndaziika papepala. Kalatayi ndikupatsira m'manja pokwera, ndipo uiwerenge musanafike ku Moatize. Usaisungire ku Beira kumene ukupita kusukuluko ayi, muli ntchito yoti uigwire mawa lomwelo.

Ndiyambe ndi mawu amene ndimaumira nawo: ndikunyada nawe. M'mbumba yathu yonse iwe ndiwe mkazi woyamba kulowa pa univesidade, ndipo sukupita kukaphunzira zothawira khasu, ukupita kukaphunzira za nthaka ndi mbewu. Abambo ako alengeza nkhaniyi pamsika ponse, mpaka amayi ogulitsa tomato akawaona akubwera amayamba kuyang'ana kumbali. Ine ndimawadzudzula kuti achepetseko, koma ndikakhala ndekha kumunda ndimapezeka ndikumwetulira pakati pa mizere ngati mutu sukugwira.

Tsopano mvetsera. Mashibombo, mabasi akuluakulu a ku Beira aja, amanyamuka ku Tete m'bandakucha, ndiye uyenera kugona konko. Abambo ako akuti ukagone kwa mnzako wa kusukulu uja. Ine ndikuti ayi. Ukatsika shapa, ufunse njira ya kwa amalume ako a Inasiyo. Kumeneko kuli agogo ako a Venansiya, ang'ono awo a amayi anga. Unawaona komaliza uli wamng'ono, mwina ukungokumbukira ndodo yawo ndi fodya wawo wamphuno. Agogo akowo akusunga chinthu chathu, dzina la mayi amene anatsegula dimba limene takulera nalo, amayi awo owabereka. Ife timangoti aNambewe, koma limenelo ndi la mfunda, si dzina lawo lenileni. Lenilenilo latsala ndi munthu mmodzi yekha padziko pano, ndipo munthuyo wakalamba, maso anachita khungu, chakudya akungolawa. Ine anandikana. Akufuna iwe. Kuti umvetse chifukwa chake ndiyenera kukuululira zolakwa zanga zimene ndakhala ndikukubisira, ndipo uziwerenge ngati malangizo, chifukwa ena abwino kuposa amenewa ndilibe.

Ukudziwa kale kuti amayi anga, agogo ako a Sofiya, anamwalira ku Malawi nthawi imene tinathawa nkhondo. Ndinali kamtsikana, ndipo amene anandilera kuchokera pamenepo ndi a Venansiya omwewa. Titabwerera kwathu tinapeza nyumba itagwa, nkhokwe kulibe, koma dimba lili pomwepo, ngalande zake zitangomera udzu, mitengo ya mapichesi ikubereka ngati sikunachitike kanthu. Tinadya za m'dimba limenelo pamene ena ankagona ndi njala. Ndilo linandiphunzitsa mpaka ndinakhala purofesora wophunzitsa ana kusukulu, ndipo kachewere wake ndi amene wakufikitsa iwe pamene wafikapa. Nditakubereka, mtima unayamba kundivuta kuti tsiku lina udzandifunsa kumene tinachokera, ine n'kudzangoti kakasi. Ndiye ndinagula kaderno wolembamo, watsopano wachikuto cholimba, n'kuyamba kufufuza mbiri ya banja lathu.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuyambira m'buku m'malo moyambira kwa anthu. Ndinapalasa njinga mpaka ku mishoni ya Fonte Boa, ndipo bambo wina wachikulire wosunga mabuku a ubatizo anandilandira bwino, nanditsegulira mabuku akale onunkha chinyezi. Ndinawapeza amayi anga: Sofiya, mwana wa Domingo ndi Nambewe. Agogo Domingo anali ndi tsamba lawolawo, pali dzina la abambo awo, la agogo awo, ndi mudzi wawo wa ku Domwe. Koma za Nambewe panalibe china. Sanabatizidwe, ndiye tsamba analibe. Ndinaseka ndekha, chifukwa m'mudzi mwathu muno ukaitana kuti "aNambewe!" amacheuka amayi asanu. Ndinangoti apa njira yathera, n'kutsata ya amuna chifukwa ndi imene inali ndi inki. Sindinadzifunse n'komwe kuti n'chifukwa chiyani munthu wamkulu analembedwa ndi mfunda wokha. Ndinadzazindikira patapita zaka kuti wansembe atafunsa dzina la mayi wa mwanayo, agogo Domingo sakanatha kutchula dzina la mkazi wawo pamaso pa mlendo. Anayankha monga amayankhira mwamuna waulemu. Bukulo silinaname, linalemba zimene linauzidwa. Jasinta, kumene ukupitako adzakupatsa mabuku ambiri, ndipo uwakonde monga ndinawakondera ine. Koma ukawerenga za anthu, uzidzifunsa kuti amene ankayankha mafunsowo anali ndani, ndipo ndi ziti zimene mwambo wake sunamulole kunena.

Kulakwa kwachiwiri ndinakuchita pakhomo pa a Venansiya. Nthawi imeneyo anali adakali kuno, nyumba yawo ili tsidya la kamtsinje, pamene pano pali nthochi zija. Ndinapita pochokera kusukulu, nditavala diresi la kuntchito ndi nsapato zogogoda. Ndinawapeza atakhala pansi akupeta nyemba. Ndinalowa ndekha m'nyumba n'kutulutsa mpando, n'kukhalapo iwo ali pansi. Ndikamakumbukira pamenepa nkhope imandiyaka mpaka lero. Ndinatsegula kaderno, kaneta yolembera ili m'manja, n'kunena kuti, "Amayi, ndiuzeni dzina lenileni la amayi anu, ndilembe."

Iwo anayang'ana nsapato zanga kaye, kenako lichero lawo. "Wadza kudzandilemba ngati wa boma, Tereza?"

"Ayi amayi, n'zambiri ya banja. Ana adzafuna kudziwa."

"Dzina la amayi anga satchula pabwalo ngati la mbuzi yosokera. Ubwere mawa ndi khasu, tikatsegule ngalande ya kumtunda ija."

Ndinayankha kuti mawa ndili ndi maporova, mayeso a ana, oti ndichonge. Anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kupeta. Ine pobwerera ndinkang'ung'udza njira yonse kuti amayi awa akufuna ganyu waulere, nkhani yonena ndi mawu awiri akuivutitsa dala. Sindinapite mawa lake, ngakhale mkuja. Sindinadziwe kuti akazi a m'mbumba yathu dzinali amapatsana pantchito, miyendo ili m'matope, pamene wamkulu waona ndi maso ake kuti wamng'onoyo dimba wayamba kulikonda. Amayi anga analimva choncho, a Venansiya analimva choncho. Anandiitanira kumene dzinalo limaperekedwa, ine n'kuona ngati akundizemba. Ndiye ukumbukire, mwana wanga: munthu wamkulu ukamufunsa funso iye n'kukupatsa ntchito, usakwinye nkhope. Nthawi zambiri amakhala kuti wayamba kale kukuyankha.

Kulakwa kwachitatu ndiye kwakukulu, ndipo ndinakuchita pamaso pa anthu onse. Chaka chimenecho abale tinagwirizana zomanga chiliza pamanda a agogo Domingo. Kunabwera anthu ambiri, a kuno ndi a kwawo ku Domwe. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, unkangothamangitsana ndi anzako kuseri kwa miphika ya thobwa. Mapemphero atatha anandipempha kuti, poti ndine wophunzira, ndiwerenge mbiri ya banja. Ndinali nditakonzeka kale. Ndinali nditailembetsa pamakina ku Ulongwe, n'kuchititsa mafotokopiya oti aliyense atenge lake. Ndinaimirira, ndinakonza kukhosi ngati ndili m'kalasi, n'kuyamba: "Banja lathu linayamba ndi Domingo wa ku Domwe, amene anafika kuno natsegula munda ndi dimba limene tikudya lero." Ukandifunsa kumene ndinatenga mawu akuti anatsegula dimba, ndikuuza zoona, ndinawatenga m'mutu mwanga. M'buku munalibe. Ndinangoona kuti akumveka bwino, ndiponso kuti mwamuna ndiye amatsegula malo. Amayi a ku Domwe analulutira, ine mapewa m'mwamba.

Ndisanamalize tsamba, a Venansiya anadzuka ndi ndodo yawo. Sanakuwe. Anayankhula pang'onopang'ono, koma panali zii moti unkamva ngakhale nkhuku zikupalasa.

"Abambo anga ndidawakonda, ndipo simenti ya chiliza ichi ndaikapo dzanja langa. Koma abambo anga adafika pano mkamwini, atanyamula mphasa ndi nkhwangwa. Adapeza nkhokwe ili yodzaza. Dambo lija anthu ankati n'la achule, ng'ombe zinkatitimira momwemo. Amayi anga ndiwo adalowamo okha ndi khasu, ali mbeta, anthu akuwaseka. Adakumba ngalande mvula zitatu asadadyepo kanthu. Mapichesi aja adabzala ndi manja awo kuti adziwe malire. Iwe Tereza, ndidakulera ine. Lero wawaika amayi anga m'manda kachiwiri."

Pamenepo ndikanangogwada, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinaona anthu akundiyang'ana, ena mwa iwo makolo a ana amene ndinkawaphunzitsa, ndipo manyazi anandilowa m'mutu n'kusanduka liuma. Ndinati, "Amayi, ine ndalemba zimene zili m'mabuku." Bodza lomwelo ndinawonjezera lina. Iwo anandifulatira. Anakutumula kapulana, nsalu yawo ya m'chiuno, n'kumapita, osalawa ngakhale madzi. Patapita miyezi yochepa a Inasiyo anabwera kudzawatenga kuti akakhale nawo ku Tete, ndipo pochoka sanadzanditsanzike. Jasinta, ukadzalakwa pagulu, upepese pagulu pomwepo, nthawi yomweyo. Manyazi a tsiku limodzi amapola. Ine ndinawathawa, ndipo ndasenza ena zaka zoposa khumi.

Kulakwa kwachinayi kunali kuganiza kuti pepala limathera pamene waliwerengera. Patapita mvula zitatu kunabwera anthu a boma oyeza malo, kuti aliyense akhale ndi chikalata cha munda wake. Tsiku lofika kudimba kwathu, tinangoona a Kalisito a ku Domwe, mdzukulu wa achimwene awo a agogo Domingo, akutsika panjinga. Anatulutsa m'thumba la jekete fotokopiya yanga ija, atayipinda bwinobwino m'pepala la pulasitiki. Anati, "Apurofesora adalemba okha kuti dimbali adatsegula ndi agogo athu. Ndiye ife a kuchimuna tili ndi gawo pano." Sindiwada a Kalisito, pepalalo ndinawapatsa ndine, ndi manja awiri. Ndinayesa kufotokoza kuti ndinalakwitsa, koma woyeza malo uja anandifunsa kuti, "Ndiye tikhulupirire ziti, mayi, zimene munalemba kapena zimene mukunena lero?" Ndinagwetsa nkhope. Anatipatsa masabata awiri kuti tibweretse mboni.

Abambo ako ndiwo anaimbira a Inasiyo, ine ndinalibe nkhope. Tsiku la mlandu galimoto inaima pamsewu, a Venansiya n'kutsika. Iwe unali kusukulu. Maso awo anali atayamba kale kuchita mdima, koma anayenda malire onse osapunthwa, akugwira mtengo wa pichesi uliwonse ngati akupatsa moni anthu. Atafika pakona ya kumtunda, pamene madzi amatulukira, anagogoda pansi ndi ndodo. "Kumbani apa, kufika m'chigongono. Mupeza mphero yosweka pakati, yovundikira diso la kasupe. Pansi pake pali miyala yaphanthiphanthi yoyalidwa kulowera kumunsi. Mphero imeneyo idali ya agogo anga. Miyala ina ndidatuta ine pamutu pokonza, ndili mwana." Amuna anakumba, ndipo khasu linalira pamwala. Inali mphero, yosweka pakati. A Kalisito anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavula chipewa, napinda pepala lija n'kulibwezera m'thumba. Woyeza malo uja anafunsa dzina la mwini malo woyamba. A Venansiya anati, "Lembani aNambewe. Linalo si lanu." Atatero anabwerera kugalimoto, anandidutsa pafupi moti ndinamva fungo la fodya wawo, koma moni sanandipatse. Tsiku limenelo ndinanyada nawo kwambiri, ndiponso ndinalira kuseri kwa nkhokwe. Usadzalembe chinthu chifukwa choti chikumveka bwino, mwana wanga. Udzakhala ndi karimbo yodindira ndi siginecha, anthu adzapinda mapepala ako m'pulasitiki n'kuwasunga. Ulembe zokhazo zimene waona kapena wamva kwa mwini wake, ndipo pamene sukudziwa ulembe kuti sukudziwa.

Kulakwa kwachisanu n'kwautali, chifukwa ndinkakubwereza chaka ndi chaka. Tikakumba kachewere ndinkasankha wamkuluwamkulu, n'kudzaza thumba, n'kutumiza pa shapa ya ku Tete. Tikakolola nyemba, chimodzimodzi. Ndinkadzinamiza kuti kumeneko ndiye kupepesa. A Inasiyo ankaimba kuti katundu wafika, ndipo ndikafunsa kuti amayi ati chiyani, ankayankha kuti, "Akuti kachewere alibe mlandu, tidya." Ine n'kumati basi, mtima wawo ukufewa. Komabe kuchokera tsiku la mphero lija ndinasintha kalimidwe. Ndinasiya kulima Loweruka lokha, ndinayamba kulowa m'ngalande ndekha, ndipo iwe unkanditsata. Abambo ako anandipirira nthawi yaitali, mpaka tsiku lina tikumanga thumba anati, "Tereza, ine pano ndine mkamwini, za m'mbumba yanu sindilowerera. Koma matumba akowa akupita ku Tete chaka chilichonse, ndipo palibe limodzi limene linakagwadapo." Ndinawakwiyira masiku awiri, chifukwa ananena zoona. Ukalakwira munthu, upite wekha ndi miyendo yako. Usatume mphatso, usatume uthenga wa pafoni, usatume mnzako.

Mwezi watha, pamene ndinakuuza kuti ndikupita ku Tete kukalondola mapepala ako a sukulu, mapepalawo anali chophimbira chabe. Ndinapita kwa a Venansiya. Kutentha kwa ku Tete uzikakuona wekha, ife a kumapiri timasungunuka tisanawoloke mlatho. Ndinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa khoma, pafupi ndi kadimba kawo ka m'zitini. Achepa thupi kwambiri, Jasinta, usakadzidzimuke. Ndinavula nsapato patali, ndinagwada, ndinaomba m'manja.

"Ndani?"

"Ndine Tereza, amayi."

Anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga. Kenako anati, "Wabwera ndi kaderno?"

"Ayi amayi. Ndinawotcha kale. Ndabwera kudzapepesa. Ndinanama pamanda, ndinakuchititsani manyazi, ndinanyoza agogo anga. Mundikhululukire."

"Bweretsa manja."

Ndinawapatsa. Anawasisita m'kati ndi zala zawo, akufufuza zikang'a chimodzichimodzi. "Eee, manja awa ayamba kudziwa khasu," anatero. "Adachedwa, koma adziwa." Kenako anandikokera pachifuwa pawo, ndipo ndinalira ngati kamtsikana kaja kamene anakalera ku Malawi. Anaitana akazi a amalume ako kuti atiphikire, tinadya mbale imodzi, akundifunsa za mapichesi, ngati mtengo wa pakona uja udakalipo, ngati ngalande ya kumtunda imadzazabe mchenga. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo ndinati basi, lero ndilimva. Nditasamba m'manja ndinafunsa monong'ona kuti, "Nanga dzina lija, amayi?"

"Kukhululuka ndakukhululukira, Tereza, usakayike. Ukadzamva kuti ndapita, udzabwere kudzandisambitsa ndiwe. Koma dzina lija udalikana pagulu, pamanda, abale akumva. Kwa iwe silingabwerenso. Si ine ndakumana, ndiwe wekha." Anapuma pang'ono, chifukwa mpweya umawathera. "Mwana wako wamkazi uja, amadziwa khasu?"

Jasinta, pamenepo mtima unandiwawa ngati andibaya, koma pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinawauza zonse. Ndinawauza za chaka chimene mvula inagwetsa khoma la ngalande, iwe n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno pamodzi ndi makosana a m'mudzi, pamene anyamata a msinkhu wako ankaonerera ali pamtunda manja m'thumba. Ndinawauza kuti mbewu ya kachewere umasankha ndiwe, ndipo umakana wamkulu woonekera n'kutenga wamaso ambiri. Ndinawauza kuti umafinya dothi m'manja n'kunena kuti apa pakufunika manyowa, apa ayi, ndipo sulakwitsa. Ndinawauzanso kuti pa mayeso unaposa anyamata onse, koma zimenezo sanazisamale n'komwe. Anangofunsa kuti, "Akamapalira amaimba?" Ndinati umaimba, ngakhale mawu ako ndi oipa ngati a abambo ako. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Umutumize. Asachedwe, ine ndatopa."

Pobwerera ndinalira mu shapa kuchokera pamlatho mpaka kupitirira Moatize, mayi amene ndinakhala naye pafupi mpaka anandifunsa ngati ndikuchokera kumaliro. Koma titayamba kukwera mapiri, mphepo ya kwathu n'kulowa pawindo, ndinazindikira kuti kulirako kwasanduka kunyada. Mayi wouma mutu ngati ameneyo, amene anakaniza wa boma pamaso pa mudzi wonse, wavomera kupereka chuma chake kwa mwana amene ndinabereka ine ndi kulera ine.

Ndiye tamvera mmene ukachitire, ndipo usaiwale ngakhale chimodzi. Usanalowe pachipata umange kapulana pamwamba pa buluku lakolo. Foni uzimitse n'kuiika pansi pa chikwama, usakayerekeze kuwajambula mawu. Kaderno ndi kaneta zisaoneke. Akakupatsa mpando ukane, ukhale pansi. Ndakumangira ufa woyera pang'ono, nyemba zija zamawangamawanga, ndi dothi la kudimba m'kampango, upereke ndi manja awiri. Dothilo usaseke, akalinunkhiza adzadziwa kuti lachokera pakona iti. Ku Tete kulibe dimba, koma ali ndi zitini zawo za nkhwani ndi therere kuseri kwa nyumba. Akakuuza kuti uthirire, thirira. Akakuuza kuti uzule udzu, zula, ngakhale udzuwo ukhale utatu wokha. Ndipo usafunse za dzina. Ndikubwereza, Jasinta, chifukwa pakamwa pako ndi panga: usafunse. Adzayamba okha, ndipo adzayambira patali, kwa ng'ombe zotitimira ndi achule. Iwe uzingoti "eya agogo" n'kumamvetsera.

Mwina tsiku limodzi silikwana. Akapanda kunena mawa, mashibombo uwasiye apite, udzakwera a tsiku linalo. Ndauza kale amalume ako, ndipo kalembera wa kusukulu satseka sabata ino, ndinafunsa. Abambo ako adzadandaula, amenewo ndisiyire ine. Univesidade ili bwinobwino, amene akudwala ndi agogo ako.

Za ku Beira sindikuchulukitsira, chifukwa sindinakhaleko ndipo ndaphunzira kusalemba zimene sindidziwa. Uzipita kutchalitchi. Uzigona m'neti, udzudzu wa kunyanja si wa kuno. Anzako akakuseka kuti Chipwitikizi chako chikununkha kachewere, uziseka nawo limodzi, koma ukakumana ndi wa kwathu umupatse moni m'Chinyanja mokweza. Za anyamata tinakambirana kale pamtondo paja, sindibwereza papepala poopa kuti abambo ako angawerenge n'kudwala. Aphunzitsi ako akadzakuphunzitsa za kukhetsa madzi m'dambo, umvetsere bwino ndi kulemba zonse, kenako ukweze dzanja uwauze kuti kwanu kuli mayi amene anachita zimenezo ndi khasu limodzi ndi mphero yosweka, osadziwa kulemba ngakhale chilembo chimodzi.

Chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene chandivuta kulemba, kaneta ndaiika pansi kawiri. Agogo ako akakupatsa dzinalo, n'kutheka kuti adzakulamula kuti usandiuze. Akatero, usandiuze. Ndikudzidziwa ine. Ukadzabwera pa maferiya, sukulu itatseka, ndidzakuphera nkhuku, ndidzakukhazika pafupi, ndidzayamba kukunyengerera kuti ungondiuza chilembo choyamba chokha. Mwina ndidzalira, mwina ndidzakukumbutsa kuti ndinakuyamwitsa. Udzakane, mwana wanga. Udzakane mwaulemu, koma udzakane, ndipo kalata ino ikhale mboni yako kuti ndinakulamula ndekha mutu uli bwino. Dzinalo udzalisunge mpaka udzapeze mwana wamkazi wa m'mbumba yathu amene waima m'matope pafupi nawe osaitanidwa.

Ine ndipitiriza kupalira dimba la mayi amene dzina lake sindidzalimva. Ndinadzichitira ndekha, ndipo ndavomera. Koma anthu akadzandifunsa kuti kodi anatsegula malo ano anali ndani, sindidzagwetsanso nkhope. Ndidzawayankha kuti ine sindidziwa, koma mwana wanga akudziwa.

Mulungu akutsogolere panjira, ndipo ukafike agogo ako adakali maso.

Ndine amayi ako,
Tereza